Alendo ophunzitsa za zilolezo za madamu: ife a ku Tete tipindulanji?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Alemba motere: "Pa wailesi timamva kuti akatswiri a ku Norway ndi ku Netherlands amabwera kudzaphunzitsa akuluakulu a boma za kaperekedwe ka zilolezo za madamu a magetsi ndi kasamalidwe ka madzi. Ife tili m'chigawo cha Cahora Bassa, koma kwathu ku Dómuè ana akuwerengerabe tochi. Kuwonjezera apo, alimi a kachewere kwathu auzidwa kuti motobomba zawo zopopera madzi zikufunika chilolezo. Kodi maphunziro amenewa si njira yongodyera ndalama m'mahotela? Chilolezo ndi pepala chabe. Munthu angachite kuwoloka nyanja kudzaphunzitsa anzake kulemba pepala?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri. Kuwawidwa mtima kumene kuli m'mawu anu ndakumva, ndipo n'koyenera. Ine ntchito yanga yakhala yoyeza mitsinje ndi kuwerenga mapepala a anthu opempha madzi, kotero maphunziro mukunenawa ndakhalamo kangapo. Ena anandisula, ena sanandisiyire kanthu. Zimenezo tifikako. Poyamba mundilole ndikane mawu amodzi okha, akuti chilolezo ndi pepala chabe. Pa ntchito yonse ya damu, pepala limenelo ndi pokhapo pamene munthu wa m'mphepete mwa mtsinje angapeze chomutchinjiriza. Likalembedwa mwaulesi, odzalira ndi zidzukulu zanu.

Tiyambire pa Songo pomwepo, pamene pali damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi. Khoma la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, anayamba kulimanga mu 1969, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, Apwitikizi ali pafupi kulongedza. Makina ake asanu amatha kupukusa mamegawati 2,075. Amene anakonza ntchitoyo maso awo anali ku South Africa, n'chifukwa chake anakoka nthambo za makilomita pafupifupi 1,400 kuchoka ku Songo kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Anthu zikwizikwi anachotsedwa m'midzi yawo mokakamiza n'kukaunjikidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, ija ankaitcha aldeamento. Nthawi imeneyo kunalibe ofesi ya eni dziko yoti ifunse kuti, nanga alimi a kumunsi ku Mutarara, ku Caia ndi ku Marromeu adzadya chiyani? Kalelo Zambezi ankadzaza cha mu Febuluwale ndi Malichi, n'kusiya matope achonde m'madimba, anthu n'kumadzala motsatira madzi akamabwerera. Damu litatseka, mtsinje unayamba kumvera makina m'malo momvera mvula. Madambo a ku Marromeu anayamba kuuma, ndipo ofufuza anaona kuti ngakhale kamarau wa kunyanja ya mchere, kumene Zambezi amakathira, amachepa madzi a mtsinje akasintha nyengo yofikira. Dziko lathu la Mozambique linadzatenga ulamuliro wa HCB, kampani yoyendetsa damuli, mu Novembala 2007, patatha zaka 32 tili pa ufulu, ndipo linachita kulipira Portugal madola 700 miliyoni. Mapangano a 1969 ndi 1975, amenenso anali mapepala, anatimanga manja kwa mbadwo wathunthu.

Lero malamulo tili nawo. Lamulo la madzi la 1991 limanena kuti madzi a m'mitsinje, a m'nyanja ndi a pansi pa nthaka ndi a boma, ndiye kuti a ife tonse. Wofuna kutseka mtsinje kuti apange magetsi sagogoda khomo limodzi. Za madzi amayambira ku ofesi yoyang'anira mitsinje, ija tinkaidziwa kuti ARA-Zambeze mu mzinda wa Tete, imene tsopano inaphatikizidwa mu ARA-Centro, ndipo ntchito ikakhala yaikulu nkhani imakafika kwa nduna ku Maputo. Ufulu wopanga ndi kugulitsa magetsi umadzera ku unduna wa migodi ndi magetsi, MIREME, pansi pa lamulo latsopano la magetsi la 2022, pamene bungwe la ARENE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, ndilo limayang'anira mitengo ndi kasungidwe ka malamulowo. Pamafunikanso kafukufuku wa mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, pamodzi ndi misonkhano yomva maganizo a eni dera. Kenako pali nkhani ya malo, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo, DUAT ija mukuidziwa, ndi dongosolo losamutsira anthu. Malamulo a kusamutsa anthu anatuluka mu 2012, chaka chomwecho chimene anthu osamutsidwira ku Cateme chifukwa cha malasha a ku Moatize anakhala pa njanji n'kutsekereza sitima. Pangano la madzi la ntchito yaikulu limatha kufika zaka 50. Mwana amene mukumuphunzitsa a e i o u chaka chino adzakhala ndi zidzukulu pangano limenelo lisanathe.

M'kati mwa pepalalo ndi mmene mumalembedwa kuchuluka kwa madzi amene ayenera kumapitirira kumunsi ngakhale chaka cha chilala. Ndi mmenenso mumalembedwa kuti mwini damu angakweze kapena kutsitsa mtsinje mofulumira motani pa ola limodzi, kuti asanatsegule zitseko achenjeze yani kutatsala masiku angati, kuti mvula isanayambe asiye mpata wotani m'damu woti madzi osefukira adzafikiremo, ndi kuti ndani azidzayendera khoma kuona ngati layamba ming'alu. Chilichonse mwa zimenezi chimathera pa nambala, ndipo nambala iliyonse ili ndi mwini wake amene idzamupweteke ikalakwika.

Taonani Mphanda Nkuwa, damu limene likukonzedwa makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, pakati pa Marara ndi Chiúta. Akuti lidzapukusa mamegawati 1,500. Mu Disembala 2023 boma linasainirana ndi makampani atatu, EDF ndi TotalEnergies a ku France ndi Sumitomo ya ku Japan. EDF yokha imayendetsa madamu mazanamazana kwawo. Pokambirana amabwera ndi mainjiniya, maloya ndi akatswiri a zachuma amene akalambira pa ntchito yomweyi. Sindikunena kuti ndi akuba. Kampani imalankhulira ndalama zake, imeneyo ndiyo ntchito yake. Funso langa lili tsidya lino la tebulo: amene wakhala m'malo mwa inu ndi ine akutha kuwerenga zimene amupatsa, n'kuona pamene pabisala vuto?

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi. Magetsi a madzi amachokera pa zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pamene akugwera. Malita 1,000 pa sekondi iliyonse akagwa mamita 100 amapereka pafupifupi megawati imodzi. Choncho madzi alionse amene lamulo likuti adutse osapita m'makina, kapena adutse pa nthawi imene magetsi ndi otsika mtengo, kwa mwini damu ndi ndalama yotayika. Magetsi amafunidwa kwambiri madzulo, anthu akaweruka kuntchito n'kuyatsa mbaula ndi mababu. Mwini damu aliyense angakonde kusunga madzi masana n'kuwamasula onse madzulo. Akaloledwa kutero, mtsinje wa ku Boroma ndi wa pa mlatho wa Samora Machel mu mzinda wa Tete uzidzakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Dimba la pa chilumba lizidzamira usiku, bwato lomangidwa madzulo lizidzapezeka pa mchenga m'mawa, magombe azidzagumuka, ndipo amayi ochapa ndi ana osamba azidzadzidzimuka ndi madzi kunja kuli ngwee. Eni ntchito ya Mphanda Nkuwa amati damu lawo lizidzangotsatira kayendedwe ka mtsinje, pamene bungwe la Justiça Ambiental lakhala likuitsutsa ntchitoyi kwa zaka zambiri. Chodzathetsa mkanganowo ndi nambala yolembedwa m'chilolezo, komanso munthu wa boma wotha kupita ku mtsinje kukaona ngati nambalayo ikusungidwa.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ambiri amaganiza kuti luso limeneli limakhala m'maofesi a ku Maputo. Limayambira kwa bambo wa kumudzi amene amapita m'mawa, masana ndi madzulo kukawerenga ndodo ya manambala yozikidwa m'mphepete mwa mtsinje, n'kulemba m'buku kuti madzi afika pati. Mlingo umenewo pawokha sunena kuti madzi akudutsa angati. Pamafunika gulu lopita ndi bwato ndi makina kukayeza liwiro ndi kuya kwa madzi, mtsinje uli wodzaza komanso uli wouma, kuti apeze kugwirizana kwa mlingo ndi kuchuluka kwa madzi. Mitsinje yathu ya mchenga, monga Revúbuè ndi Luenha, imasintha pansi pake nthawi iliyonse ikasefukira, kotero muyeso wa chaka chatha umatha kunama chaka chino. Ndipo kuti munene molimba mtima kuti mtsinje uwu pa chilala choopsa umatsika kufika apa, pa chigumula umakwera kufika apo, mumafunika mabuku a zaka 30 kapena kuposa, osadukiza. Nkhondo ya zaka 16 imene inatha mu 1992 inatiphera mabuku amenewo. Owerenga ndodo anathawa, ambiri a kwanu kuno anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, malo oyezera anasanduka tchire. Nsanamira za nthambo za ku Apollo zinagwetsedwa, ndipo zimenezo zinadzakonzedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Koma mlingo wa mtsinje wa tsiku limene palibe anauwerenga sungakonzedwe ndi ndalama iliyonse.

Chaka china ndinapita kukayendera malo oyezera pa mtsinje wina wa kumapiri, amene anakhazikitsidwa ndi ntchito ina ya thandizo imene inali itatha. Ndinapeza ndodo inakokoloka kalekale, ndipo bambo wowerenga anali atasiya kulandira kangachepe kake kuyambira pamene ntchitoyo inatsekedwa. Koma iwo sanasiye. Ankadula zizindikiro ndi chikwanje pa tsinde la mkuyu wa pagombe, n'kumalemba masiku m'kope la mwana wawo. Tinayeza zizindikirozo ndi makina athu, ndipo tinapulumutsa mlingo wa nyengo ziwiri za mvula. Ndinabwerera ndili ndi ulemu waukulu kwa bambowo komanso chisoni, chifukwa ndalama imene inagula galimoto ya ntchitoyo ikanawalipira iwo moyo wawo wonse.

Kufunika kwa anthu otere tinakuona mu Januwale 2022, pa namondwe Ana. Mvula imene inagwa m'mapiri a kwanu ku Angónia ndi Tsangano inatsika ndi Revúbuè, n'kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo pakati pa amene anatengedwa ndi madzi panali mkulu wa boma la Tete. Namondwe yemweyo anagumula damu la Kapichira pa Shire ku Malawi, dzikolo n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa Revúbuè palibe damu lalikulu loti ligwire madzi. Chimene chingapulumutse anthu a ku Chingodzi, dera la mzinda wa Tete, ndi munthu wa kumtunda amene waona mlingo ukukwera, ali ndi foni yogwira ntchito, ndipo amene akumuimbirayo akudziwa kuti mamita akutiakuti kumtunda ndiye kuti pakatha maola akuti madzi alowa m'nyumba kumunsi. Madzi saiwala khwawa, adzabweranso.

Tsono n'chifukwa chiyani a ku Norway? Magetsi a dziko lawo pafupifupi 90 pa 100 alionse amachokera ku madzi, koma chifukwa chenicheni ndi mbiri yawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 makampani akunja anayamba kugula mathithi a ku Norway motchipa kwa alimi amene sankadziwa mtengo wake. Pakati pa 1906 ndi 1917 nyumba yawo ya malamulo inakhazikitsa malamulo akuti wogula mathithi ayenera kutenga chilolezo cha boma, ndipo nthawi ya chilolezo ikatha, kawirikawiri zaka 60, damu ndi makina ake zimabwerera ku boma popanda kulipira kanthu. Anaikanso kuti dera limene damu lili lizilandira ndalama chaka ndi chaka komanso gawo la magetsi, mpaka 10 pa 100, pa mtengo wotsika. Bungwe lawo la NVE, limene linayamba mu 1921, limagwira ntchito ziwiri zija pamodzi, kuyeza mitsinje ndi kuunika mapempho a zilolezo, ndipo lakhala likugwira ntchito ndi unduna wathu wa magetsi. Chimene ife tinachigula ndi madola 700 miliyoni mu 2007, iwo anachitseka ndi lamulo zaka 90 m'mbuyo mwake. Munthu wotere ali nacho chotiuza. Ndipo nkhani ya gawo la eni dera ija ndi imene ife a ku Tete tiyenera kuifunsa mokweza nthawi iliyonse pakamakambidwa za damu latsopano.

A ku Netherlands alibe madamu akuluakulu a magetsi. Dziko lawo ndi lathyathyathya, mbali ina lili pansi pa mlingo wa nyanja, ndipo mabungwe awo a madzi a m'madera anayamba zaka za m'ma 1200. Mabungwe amenewo amatolera okha msonkho wawo. Akhala akugwira ntchito ndi maofesi a ARA kudzera m'dongosolo lotchedwa Blue Deal. Zimene iwo amadziwa bwino ndi zosaoneka pa wailesi ya kanema: kalembera wa onse otunga madzi ambiri, katoleredwe ka ndalama, kagawidwe ka madzi chaka cha chilala. Ofesi ya madzi imene sitha kudzipezera ndalama ya mafuta a bwato imadikira mlendo kuti ikayeze mtsinje wake womwe.

Komabe si zonse za kwawo zimene zingamere kuno. Mitsinje ya ku Norway imachokera ku chipale chosungunuka, imayenda pa miyala, madzi ake ndi oyera, ndipo m'magombe mwake mulibe midzi yodalira dimba ngati kwathu. Katswiri wa kumeneko sadziwa kuti amayi a ku Boroma amadzala liti m'mphepete mwa madzi, sadziwa kuti asodzi a kapenta a ku Cahora Bassa amavutika motani nyanja ikatsika, sadziwa kuti manda a makolo sasamutsidwa ndi ndalama yokha popanda mwambo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona. Koma mutu wometedwawo ndi wathu, ndife tikudziwa pamene pali chipsera. Njira yowerengera angatiphunzitse, koma zoyenera kuwerengedwa tinene ndife.

Pali mgwirizano wina umene pa wailesi sautchula kawirikawiri, koma kwa ine ndi waukulu kuposa wa Azungu. Zambezi ndi wa mayiko asanu ndi atatu: Angola, Namibia, Botswana, Zambia, Zimbabwe, Malawi, Tanzania ndi ife. Madzi ambiri olowa mu Cahora Bassa sagwa pa nthaka yathu. Amachokera ku Kariba, ku Kafue, ndi ku Luangwa amene amathira pa Zumbo. Ife tili kumathero, timalandira chimene anzathu atisiyira, chilala ndi chigumula chomwe. Pangano la ZAMCOM, bungwe la mayiko amenewa loyang'anira mtsinjewu, linasainidwa ku Kasane, ku Botswana, mu 2004, linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo ofesi yake ili ku Harare. Limafuna kuti dziko lofuna kumanga chinthu chachikulu pa mtsinje lidziwitse anzake ndi kuwapatsa mapepala kuti aunike. Oyendetsa madamu a Kariba, Kafue ndi Cahora Bassa amakumananso kuuzana za madzi amene akusunga ndi amene akufuna kumasula. Amene anaona madzi a 2001 ndi 2007 ku Mutarara akudziwa kufunika kwa uthenga wofika nthawi yabwino. Chilala cha 2024 chinationetsa mbali inayo: Kariba anatsika mpaka a ku Zambia ankakhala pafupifupi tsiku lathunthu opanda magetsi, ndipo Cahora Bassa naye anatsika kwambiri. Zambia ndi Zimbabwe akufuna kumanga damu lina ku Batoka Gorge. Mapepala ake akafika kwa ife, ufulu woyankha tili nawo, koma ufuluwo ndi wopanda mano ngati tilibe anthu otha kuika manambala awo mu kompyuta n'kuona chimene chidzachitike pa Zumbo mwezi wa Okutobala. Ndipo ifenso tili ndi udindo womwewo kwa anzathu. Nthambo ya makilomita 218 yochoka ku Matambo, kufupi ndi mzinda wa Tete, kupita ku Phombeya, ku Balaka, ikutanthauza kuti achibale anu a ku Ntcheu nawonso azidalira mmene ife tikusamalirira madzi a pa Songo.

Tsopano pamene mwalasa, aphunzitsi. Maphunziro a masiku atatu m'hotela, ongoonetsa zithunzi pa khoma, anthu n'kulandira setifiketi ndi ndalama ya ulendo, sasintha ofesi. Ndakhalamo, ndikudziwa. Nthawi zina amene amatumizidwa ndi mkulu wa ofesi, pamene wogwira ntchito yeniyeniyo watsala. Pali makina oyezera madzi amene anabwera ndi thandizo, akutumiza okha uthenga pa intaneti, n'kufa chaka chachiwiri chifukwa palibe anaika ndalama ya batire ndi ya foni m'bajeti. Pali achinyamata amene anaphunzitsidwa bwino, n'kutengedwa ndi makampani a malasha kapena a uphungu chifukwa malipiro a boma sangalere banja. Sindiwaimba mlandu, koma ofesi imabwerera pamene inayambira. Palinso china chofunika kuchiyang'anitsitsa. Mayiko otithandizawo ali ndi makampani awo omanga madamu ndi ogulitsa makina. Phungu amene akulangiza boma pa chilolezo asakhale yemweyo amene akudya kwa wopempha chilolezocho, ndipo zimenezi ziyenera kulembedwa poyera.

Maphunziro amene ine anandisula anali a mtundu wina. Munthu mmodzi yemweyo ankabwera chaka ndi chaka, n'kukhala nafe mu ofesi yathu yotentha, titatsegula pempho lenileni la kampani yeniyeni. Sankatiwerengera. Ankatifunsa kuti nambala iyi aitenga kuti, zaka zimene asankhazi bwanji zasiya chilala cha 1992, mukawerengera nokha mukupeza chiyani. Tsiku limene tinabweza pempho kwa eni ake ndi mafunso olembedwa ndi ife, iwo n'kukakonza, ndi tsiku limene ndinadziwa kuti thandizo lija lagwira. Ndiye mukamva pa wailesi za mgwirizano wina, mufunse zimenezi: udzatha zaka zingati, akuphunzira ndani ndipo adzakhalabe pa ntchitoyo, mabuku a mitsinje akusungidwa kuti ndipo mwini wake ndani, nanga mlendo akapita, paja ndi mame, adzalipira wowerenga ndodo ndani?

Za mdima wa ku Dómuè ndisakunamizeni. Chilolezo cha damu sichikoka nthambo kufika pakhomo panu. Imeneyo ndi ntchito ya EDM, kampani ya boma ya magetsi, ndi FUNAE, thumba la boma la magetsi a kumidzi, ndipo boma linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhala ndi magetsi. Lonjezo limenelo mulikumbutse kwa oyenera. Cahora Bassa anamangidwa kuti azigulitsa kunja, moti ngakhale magetsi ake opita ku Maputo amadzera ku South Africa, chifukwa palibe nthambo yaikulu yolumikiza Tete ndi kummwera. Koma nkhani ziwirizi zimakumana pawiri. Choyamba, pangano la damu ndi limene limanena kuti magetsi angati atsale m'dziko muno ndi pa mtengo wanji. Chachiwiri chili pafupi ndi inu. Mapiri a Angónia ndi Tsangano ali ndi timitsinje tosaphwa totsetsereka, toyenera makina ang'onoang'ono ounikira mudzi, chigayo ndi chipatala. Malamulo a 2021 anatsegula njira yoti anthu wamba ndi mabungwe azipanga magetsi kumadera kumene nthambo za EDM sizinafike. Ofesi ikamafuna kwa munthu wa kamakina ka mudzi umodzi mulu wa mapepala wofanana ndi wa Mphanda Nkuwa, palibe adzamange. Kudziwa kupeputsa pa zazing'ono ndi kulimbitsa pa zazikulu ndi mbali ya luso lomweli.

Tithere pa motobomba za alimi a kachewere. Lamulo la 1991 limasiyanitsa mitundu iwiri ya katungidwe. Kutunga madzi akumwa, ochapira, omwetsa ziweto, ndi kuthirira kadimba ndi ndowa kapena kheni, popanda makina, n'kwaulere ndipo sikufuna chilolezo. Palibe angakulipiritseni pa zimenezo. Mukaika makina opopa, mwalowa gulu lina, lofunika kulembetsa. Ndikudziwa kuti alimi amaona ngati ndi msonkho wina wongowadyera, ndipo ine maganizo anga ndi akuti ofesi iyambe yalondola otunga madzi ochuluka, migodi ndi minda ikuluikulu, isanathamangitse mlimi wa pampu imodzi. Koma kalemberayo ali ndi phindu kwa mlimi mwini. Tsiku limene munthu wa ndalama adzapemphe madzi kumtunda kwa mtsinje wanu, wa ku ofesi adzatsegula buku kuti aone amene akugwiritsa kale ntchito madziwo. Akapeza mopanda dzina, adzalemba kuti madzi alipo okwanira, ndipo mu Seputembala mapampu anu azidzakoka matope. Njira yabwino ndi yoti alimi a mtsinje umodzi alembetse pamodzi ngati bungwe, adzere kwa nyakwawa ndi ku ofesi ya zaulimi ya boma, apite ku ARA-Centro ndi chiwerengero cha mapampu, kukula kwa minda ndi miyezi imene amathirira. Afunse mtengo wolembedwa pa pepala la boma, ndipo pa ndalama iliyonse imene apereka atenge lisiti. Inu aphunzitsi mungawathandize kulemba. Ndipo ngati pafupi ndi sukulu yanu pali mlatho, pemphani a ARA adzazikepo ndodo ya manambala, ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi aziwerenga m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope limene lizisungidwa mu ofesi ya sukulu.